Imodzi Ikazima, Inzake Imasenza

Malemu Gilibati ankalumikiza masiwichi ogawa netiweki awiriawiri, ina ku Mitundu, inzake ku Nathenje. Ankanyadira: "Imodzi ikazima, inzake imasenza katundu yense, munthu osazindikira." Koma atazima iwowo, amene anasenza katundu yense ndi mkazi wawo Felesiya, kampani yomwe ankagwirako ntchito osabwera ndi kumaliro komwe.

Madzulo ena Felesiya akuchokera kogula mchere kubwerera kunyumba kwawo ku Mitundu, mwezi uli mbee, njira inkangotalika ngati kumaloto. Pakhonde anapeza njinga yamoto ya malemu, imene kampani inalanda iwo atamwalira, injini ikadali yofunda. M'nyumba wina anatsokomola, chifuwa chomwe chija cha malemu.

Pempho, mwana wake wamng'ono, anatuluka akutafuna.

"Amayi, ababa akuti mwachedwa."

"Iwe, ababa ako tinawaika m'manda."

"Amenewo ndi oyamba aja. Awa akuti anafe tinyamule zofunda, tikagone ku Nathenje."