Mphumi Pansi m'Tchalitchi cha ku Leiden

"Chotsani chithunzicho, mayi," anatero a Hoekstra, mkulu wa mpingo. "Wogunditsa mphumi pansi chonchi ndi Msilamu. Muno ndi m'tchalitchi."

Marijke, mphunzitsi wa mbiri ya mpingo amene mpingowo unamuitana kudzayankhula, anachisiya chomwecho pakhoma pamene ankachionetsa kwa anthu.

"Ameneyu ndi Mkhristu wa ku Siriya, bambo. Akhristu ankapemphera chonchi Chisilamu chisanayambe n'komwe."

"Ife sitipemphera choncho."

M'mabenchi anthu anayamba kung'ung'udza. Marijke anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anagwada pang'onopang'ono, maondo ake a nyamakazi akuwawa, mpaka mphumi inagunda mwala wozizira.

Ali chigwadire, anayamba Pemphero la Ambuye mokweza, osafulumira, kuti aone amene angayerekeze kumudula pakamwa.