Nyani ndi Zithunzi za Gogomole

Padangokhala, kumapiri uko, Nyani wina amene anapeka masewera atsopano onga bawo, oti nyama zizisewera. Zithunzi za pa matabwa ake ankasema ndi Gogomole, mbalame yogogoda mitengo, mpaka mlomo kuchucha magazi, Nyaniyo n'kumamupatsa chakudya.

Tsiku lina kunatulukira Birimankhwe. Anakwawa pa matabwa a Gogomole n'kumeza zithunzi zonse, kenaka n'kuzisanzira pa matabwa atsopano nthawi yomweyo. Nyani anavina ndi chimwemwe.

"Achimwene, zimenezitu ndi zanga," anadandaula Gogomole. "Anandipempha ndani?"

"Inu mumachedwa," anayankha Nyani. "Mnzanuyu safuna n'chakudya chomwe."

Gogomole anauluka ndi njala yake.

Posakhalitsa zomeza zatsopano zinasowa, ndipo Birimankhwe anayamba kumeza masanzi ake omwe. Pa zithunzizo mkango unatuluka ndi miyendo isanu, njovu yopanda maso. Nyama zinanyansidwa, zinaleka kusewera.

"Jambula zakozako!" anakalipa Nyani.

"Zanga ziti?" anafunsa Birimankhwe, diso lina kumwamba, lina pansi.

Nyani anathamangira kumtengo wa Gogomole kukapepesa. Anaitana, anagogoda, koma kunali zii. M'mphako mwake munkangotuluka nyerere, zitasenza nthenga.