Petulo wa Laston

Mbama yoyamba inamupeza Sankhani asanamalize n'komwe kupereka moni. Yachiwiri inamugwetsera pamulu wa matayala akutha, pagalaja ya a Jaffu, pafupi ndi chipata cha Mwanza.

Laston, mwini wake wa takisi yomwe Sankhani ankayendetsa, analibe nthawi yofunsa mafunso. Mwezi wonse mtima unkamuwawa. Petulo anali atasowa, munthu kuti umupeze unkachita kuswera pamzere dzuwa likukuwotcha, koma dalaivala wakeyu akangozungulira kangapo pakati pa boma ndi malire, thanki inkauma. Nanga ndani sadziwa kuti pamalire petulo wam'zigubu amayenda malonda kuposa mandasi? Galimotoyo anaibweretsa kwa a Jaffu kuti aiike loko pathanki, ndipo anamuitanira Sankhani pomwepo dala.

"Bwana, ine sindinapopepo ngakhale dontho," anatero Sankhani, magazi akuchucha m'kamwa. "Galimotoyi ikumwa yokha."

"Ikumwa yokha? Ili ndi m'mero ngati iwe?"

Laston anatola chitsulo cha jeke n'kumumenya nacho pamkono. Fupa linamveka kuthyoka. Osintha ndalama anasiya malonda, akabaza anagwetsa njinga zawo, onse liwiro la kugalaja. Anthu a pamalire akamva kuti wakuba, safunsa kuti waba chiyani. Wina anamuponda pamimba. Wina ananunkhiza malaya ake n'kukuwa kuti akumveka petulo, ngati kuti dalaivala angamveke pafyumu. Mlandu unathera pomwepo. Laston anamva kukoma, osabisa. Mbava imeneyi inafunika ilawe ululu womwe iye analawa.

A Jaffu, makaniko wa imvi, anakuwa kuti amusiye munthuyo, koma palibe anawamva. Iwo anali ataona kale zachilendo. Atailiza galimotoyo, inafuka utsi wakuda, ndipo fani inayamba kuzungulira mwamisala injini isanafunde. Pulagi yomwe anamasula inali bii ndi mwaye. Tsopano anapisa dzanja kuseri kwa paipi ya madzi, anafufuza, kenaka anatenga hamala n'kumenya lata mwamphamvu mpaka gulu lonse linacheuka.

"Bwerani muone chikumwa petulo wanu, a Laston!"

Anamulozera kachitsulo kochepa ngati chala, komangidwa pa injini.

"Aka ndi kasensa. Kamauza kompyuta ya galimoto mmene madzi a mu injini atenthera. Kakasiya kuyankhula, kompyuta imaganiza kuti injini yazizira, ndiye imangothira petulo osalekeza. Ndimayesa kafa, koma ayi, n'kamoyo. Pali munthu anachita kuzula waya wake, n'kumukulunga ndi tepi, n'kumubisa pansi apa."

"Wazula ndi yemweyu!" anakuwa wosintha ndalama wina. "Kuti akagwidwa azinamizira galimoto!"

Gululo linalusa kuposa poyamba. Anamukwekweretsa Sankhani m'fumbi mpaka pamsewu, iye akuitana dzina la mkazi wake. A Jaffu atayesa kutchinga, anawakankhira m'ngalande. Tayala linalowa m'khosi mwa dalaivalayo, ndipo wina anabwera ndi chigubu cha petulo n'kumukhuthulira pamutu.

Laston yekha sanasunthe. Anaweramira mu injini, maso ali pa wayayo, chitsulo cha jeke n'kumupulumuka m'manja. Tepi yofiirayo anaikulunga ndi zala zake iye mwini, dzuwa la Okutobala litayamba kuswa mtengo, anzake a pasiteji atamulangiza kuti ukazula kawaya ako fani sipuma ndipo injini sitentha pazitunda.

Anatembenuka, natsegula pakamwa kuti akuwe. Wina anali atayatsa kale machesi.