Yolimbayo Itsogole

Mayi wachilendo wofunda chitenje chakuda anapeza madalaivala awiri, Tenson ndi Anock, akukangananso pa Boma la Feira.

"Landirova yanga imakwera phiri ngati mbuzi," anatero Tenson.

"Mbuzi yokalamba! Landikuluza yangayi siinagonepo m'matope," anayankha Anock akuyasamula.

"Ndiye yolimbayo itsogole," anatero mayiyo. "Masoja akuti adani akwiriranso mabomba mumsewu wa ku Lusaka."

Onse awiri anayang'ana pansi.

"Kunena zoona, mulamu, motoka ndi yakoyo," anatero Tenson.

"Iyayi, yako."

Mayiyo anakwera Landirova nakhala kutsogolo, katundu pamiyendo.

"Kodi ndinu ndani, amayi?" anafunsa Tenson.

"Ndine Thecla, mkazi wa dalaivala mnzanu, malemu Silvestre, amene anaponda bomba mumsewu womwewu. Iwo sankakangana ayi. Ankangotsogola."