Chingwe cha Wilfred

Wilfred ankalendewera pa mtanda wa chigafa cha fodya, nsalu yofiira ikuuluzika kumsana. Anyamata ojambula filimu ochokera m'tauni ankangomuyesa kaye. Mawa ndiye adzamujambula ngati ngwazi youluka.

Amayi ake, a Nankhoma, sanachotse maso pa chingwe chimene anyamatawo anam'manga nacho m'chiuno.

"Musaope amayi, n'cholimba," anatero mkulu wa ojambulawo. "Ndipo m'filimumo sichidzaoneka n'komwe. Tidzachifufuta pa kompyuta."

Kuseri kwa mpanda anthu anali atayamba kale kunong'onezana. A Nankhoma anakumbukira nkhalamba ya kutsidya imene anthu anaiotchera nyumba chaka chatha, ati inkauluka usiku.

"Ndiye anthu akadzamuona m'mwamba wopanda chingwe," anafunsa motsitsa mawu, "adzati mwana wangayu akuuluka ndi chiyani?"