Timibulu ta Adokotala

Makina anatulutsa kapepala kachisanu ndi chimodzi, ndipo Adokotala anakawerenga ataimirira ngati uthenga wa maliro. Nayitrojeni adakalimo m'mafutamo, wambiri ngati poyamba.

Mafuta ofinyidwa m'miyala amabwera ndi nayitrojeni, amene amasokoneza ntchito yoyenga. Adokotala anatha zaka zisanu ndi ziwiri akupanga katalisiti, timibulu tobiriwira toti mafuta akadutsamo pamoto waukulu azisiya nayitrojeniyo. Bwana wamkulu anali atanena kuti timibuluto tikapanda kugwira ntchito pofika Lachisanu masana, labu itsekedwa. Tsikulo linali Lachisanu, ndipo 11 koloko inali itadutsa.

Adokotala anakweza moto. Anachepetsa liwiro la mafuta. Anapempheranso chamumtima, ngakhale pamisonkhano ankadzitama kuti amakhulupirira manambala okha. Kapepala kachisanu ndi chiwiri kanatengera akulu ake.

"Adokotala, bwanji titsegule chubu cha timibuluto tione m'katimo?" anatero mayi wothandizira mu labu, amene onse ankangowati Achemwali.

"Inu sukani mabotolo. Za chubu n'za ife a madigiri atatu."

Timibuluto panalibe wina ankatikhudza. Adokotala ankati dziko lonse likufuna kuwabera nzeru, choncho ankathira okha m'chubu atakhoma chitseko.

Nthawi inatsala pang'ono kukwana 12 koloko. Adokotala anakhala pampando thukuta lili kamukamu, akuona m'maganizo mlonda akuwaperekeza kugeti ndi katoni ya mabuku, anyamata a m'fakitale akusuzumira pazenera. Ayi, munthu wa msinkhu wawo sathamangitsidwa, amachoka yekha. Analemba kalata yosiya ntchito, nafotokozamo kuti sayansi sinakonzekere kulandira munthu ngati iwo. Bwana anayankha pasanathe mphindi ziwiri: talandira, muyende bwino.

"Tsegulani tsopano chubu chanucho," anatero Adokotala ndi mawu a munthu wochoka kumanda.

Chitazizira, Achemwali anakhuthulira timibuluto m'mbale, natola kamodzi n'kukaphwanya ndi supuni. M'kati munali moyera mbee ngati choko.

"Iii, Adokotala! Tabodza tija munaviika mu utoto chaka chatha kuti mupusitse akuba si timeneti? Tenitenito paja munati mwabisa m'chitini cha shuga."

Adokotala anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana chitini cha shuga pamwamba pa kabati. Msampha wawo unali utagwira munthu mmodzi yekha.