Nyumba Yotchipa ya Kuseri kwa Phiri

Panali mayi wina, namwino wa pachipatala china mumzinda, amene anakhala m'nyumba za lendi zaka khumi ndi zinayi. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene amagwira naye ntchito.

Mayiyo anali wamasiye, wa ana awiri: mtsikana wa ku sekondale ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi amene ankadwala mphumu. Anali atasamuka kasanu ndi kawiri. Kwina alandilodi ankakweza lendi chaka chisanathe, kwina ankawerenga alendo obwera pakhomo, kwina anangomuuza kuti mwana wawo akukwatira ndiye nyumba akuifuna.

Anasunga ndalama pang'onopang'ono mpaka zinakwana zoti n'kugulira kanyumba. Koma madera onse apafupi ndi kuntchito mitengo yake inali yoti munthu ungoseka n'kutembenuka. Ndiye mnzake wina anamupatsa nambala ya ejenti wogulitsa nyumba amene anthu ankamutcha Zatheka.

"Amayi, mwafika pa mwini wake," anatero Zatheka. "Kuseri kwa phiri lija kuli nyumba. Zipinda zitatu, madzi pakhomo, magetsi alipo. Mtengo wake ndi theka la zimene mwakhala mukumvazi. Tikaone Lamlungu."

Anapitadi Lamlungu masana. Kunali zii, kamphepo kakuwomba, ana akusewera mpira mumsewu. Mayiyo analowa chipinda chilichonse, n'kutsegula mpopi, madzi n'kutuluka. Mumtima anali atagula kale.

Atabwerako anaimbira foni achimwene ake, dalaivala wa lole.

"Chemwali, nyumba siitchipa chonchi popanda chifukwa," anatero achimwenewo. "Pitanso pakati pa sabata. Ukafunse anthu okhala kumeneko, osati ejenti."

"Achimwene, pakati pa sabata ndipite nthawi yanji? Ndimalowa m'mamawa, ndimaweruka miyendo itatupa. Ndatopa ine. Ndikufuna khomo loti ndikatseka, pasapezeke wogogoda kudzandifunsa za lendi."

Lachitatu Zatheka anaimba kuti pabwera munthu wina ndi ndalama m'manja. Lachinayi mayiyo analipira. Mapepala onse anali enieni, panalibe chabodza. Loweruka madzulo anasamuka, ndipo anapempha masiku atatu kuntchito kuti alongedze katundu.

Lolemba cha m'ma teni koloko akupachika makatani, anamva kulira kwa sairini. Kenako pansi panagwedezeka, phuu! Mbale zinagwa pa shelefu, mwana anathamangira kunsi kwa tebulo. Mayiyo anatuluka opanda nsapato. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo ankaanula zovala, osatembenuka n'komwe.

"Aneba, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi kumiyala. Simunauzidwe? Kuseri kwa mitengo iyo kuli kampani yophwanya miyala. Lolemba mpaka Loweruka masana. Lamlungu lokha ndi limene timapuma. Anulani zovala msanga, fumbi likubwera."

Linabweradi. Linkalowa m'makabati, m'madzi akumwa, m'mabuku a ana. Malole odzaza miyala ankadutsa pakhomo tsiku lonse. Mayiyo ankakolopa m'mawa, pobwera kuntchito n'kupeza pa tebulo pali poti n'kulembapo dzina ndi chala. Khoma la kuchipinda linayamba mng'alu. Apa m'pamene anazindikira chifukwa chake mwini nyumba wakale anapaka penti yatsopano paliponse.

Zonsezo akanapirira. Koma pa miyezi iwiri mwana wake wamwamuna anagonekedwa katatu m'chipatala, m'wodi momwe mayi ake ankagwira ntchito. Kachitatuko dokotala anamuitanira pambali.

"Sisitala, zimene ndikufuna kunena mukuzidziwa kale. Mwanayu asabwererenso kufumbi kuja."

Achimwene ake anabwera kudzamutenga mwanayo. Sananene kuti ndinakuuza. Anangonyamula chikwama n'kunena kuti, "Akakhala ndi anzake kwathu, usadandaule."

Mayiyo anaimbira Zatheka kuti nyumba aigulitse.

"Zimenezo n'zosavuta, amayi. Mukolope bwinobwino, mutsuke mawindo. Anthu ndibwera nawo Lamlungu. Inu musalankhule zambiri."

Lamlungu Zatheka anabwera ndi mnyamata wina ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene, mkaziyo atabereka khanda kumbuyo. Anayendera zipinda akumwetulira, mwamunayo akuyeza ndi mapazi pamene adzaike bedi. Potuluka mkaziyo anatsalira m'mbuyo.

"Amayi, inu ndinu mzimayi mnzanga. Kuno n'kwabwino kulererako mwana?"

Mayiyo anayang'ana khandalo. Ndalama ankazifuna, mwana wake ankamusowa. Kenako anati:

"Mubwere Lachiwiri cha m'ma teni, popanda ejentiyu. Mudzadzionere nokha."

Alendo atachoka, Zatheka anakalipa. "Mwadziwonongera nokha! Nanga inu pogula anakuuzani ndani?"

"Palibe," anayankha mayiyo, n'kutseka chitseko.

Banjalo linabwera Lachiwiri, linaima panja mphindi khumi, linathokoza n'kumapita. Mpaka lero nyumbayo sinagulidwe. Mayiyo akukhalamo ndi mwana wamkazi, ndipo tsiku limene wapuma kuntchito amakwera minibasi ziwiri kukaona mwana wake kwa amalume ake. Akamatsanzika mwanayo amafunsa kuti, "Amayi, kwathu ndibwera liti?" Mayiyo amamukonza kolala ya malaya, n'kunena kuti, "Limbikira sukulu, bambo."

Phunziro: Pogula nyumba simugula makoma okha, mumagulanso dera lonse. Kaoneni malowo masiku osiyanasiyana, m'mawa ndi masana, ndipo funsani anthu okhala kumeneko. Wokufulumizitsani kulipira ali ndi chimene sakufuna kuti muone. Kutopa ndi lendi kusakupangireni chisankho. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene akusunga ndalama zogulira nyumba yawo yoyamba.